Kophunzitsira ng'ombe yaing'ono goli: kwa wachangu kapena kwa wodekha?

Kuno ku Kasungu ng'ombe yofula ikakwana zaka 2 kapena 3, mwini wake amayamba kufunsa kwa anthu amene angamuphunzitsire kukoka ngolo. Ophunzitsa alipo a mitundu iwiri.

Wachangu amalonjeza sabata imodzi, mtengo wake wotsikirapo. Tsiku loyamba lomwelo goli pakhosi, chikwapu pamsana. Ng'ombe imakokadi, koma imabwerako yamantha, pakhosi pali zilonda, ndipo ikamva hutala ya galimoto pamsewu wa M1 imathawira kudzenje ndi mabelo a fodya omwe.

Wodekha amatenga masabata atatu kapena anayi. Amayamba ndi chingwe chokha, kuizoloweza mawu ake. Kenako amaimanga goli limodzi ndi ng'ombe yakale yofatsa, zikoke kachipika kopepuka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ngolo imabwera pomaliza. Amalipiritsa zambiri, inde, koma ine ndimasankha ameneyu.

Musanapereke ndalama, pitani mukaone khola lake osamuuza. Matope afika pati? Madzi akumwa alipo? Yang'anani nkhupakupa m'makutu ndi pansi pa mchira, makamaka ngati khola lili kufupi ndi paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, kumene kulinso kashembe. Wokana kuti muonerere akuphunzitsa, musamusiyire chiweto chanu.