Narcos kapena El Patrón del Mal, ya Escobar yoonera ndi iti?

Anzanga mwandifunsa mokwanira kuti muyambe ndi iti, ndiye ndiyankhe kamodzi basi. Masewero onse awiri akukamba za munthu mmodzi, Pablo Escobar, mkulu wa ogulitsa mankhwala osokoneza bongo wa ku Medellín ku Colombia, amene anawomberedwa padenga la nyumba pa 2 Disembala 1993. Kusiyana kuli pa amene akulongosola nkhaniyo.

Narcos ya Netflix, yomwe inayamba mu 2015, ndi yokongola kuyiona ndipo imathamanga, zigawo 10 pa sizoni iliyonse. Wagner Moura anasewera bwino ngati Escobar, ngakhale ndi wa ku Brazil ndipo anthu a ku Colombia anadandaula ndi kalankhulidwe kake ka Chisipanishi.

Chimene chinandiwawa ine ndi ichi. Masizoni awiri oyamba amafotokozedwa ndi Steve Murphy, wapolisi wochokera ku America wa DEA, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Maliro ndi a anthu a ku Colombia, koma wolankhula pamalirowo ndi mlendo. Nduna ya zachilungamo Rodrigo Lara Bonilla iphedwa mu 1984, ndege ya Avianca iphulitsidwa mu 1989 muli anthu 107, ndiye pakangopita mphindi zochepa tabwereranso kwa Murphy ndi mavuto a m'banja mwake. Ophedwawo amangodutsa, pomwe Escobar amapatsidwa nthawi yokhala phee pa udzu akuganiza, mpaka woonera kuyamba kumumvera chisoni. Pa sizoni yachitatu anaika Javier Peña, mnzake wa Murphy ku DEA, kuti azisakasaka akuluakulu a gulu lina la mankhwala la ku Cali, chonsecho Peña weniweni ntchito imeneyo sanagwire nawo.

El Patrón del Mal inapangidwa ndi kanema wa Caracol wa ku Colombia komweko mu 2012, ndipo amene anaiyambitsa ndi anamfedwa, Camilo Cano ndi Juana Uribe. Camilo Cano ndi mwana wa Guillermo Cano, mkonzi wa nyuzipepala ya El Espectador amene anaphedwa mu Disembala 1986. Mayi ake a Juana Uribe, Maruja Pachón, anagwidwa ndi kusungidwa ndi anyamata a Escobar mu 1990. N'chifukwa chake mu sewero ili munthu asanaphedwe umayamba wamudziwa, kunyumba kwake, ana ake, zimene ankalimbira mtima. Escobar amene akuseweredwa ndi Andrés Parra alibe ulemerero. Ndi wamimba, wabodza, wodzimvera chisoni, ndipo akamaseka umachita nseru.

Koma konzekerani. Ku Colombia inali ndi zigawo 113, ndipo imene inatumizidwa kunja ili ndi 74. Ngati mumaonera pa bandulo ya foni, mwezi sutha musanagulenso ina. Yonse ndi ya Chisipanishi, choncho maso sachoka pa mawu olembedwa pansi, simungaonere uku mukuvundula nsima. Mayina ena anawasintha, mwachitsanzo Carlos Lehder, mnzake wa Escobar, akutchedwa Marcos Herber, ndipo pena imakokakoka monga amachitira masewero a telenovela.

Enawo ndidutsepo msanga. Narcos: Mexico ndi yabwino pomwe pali Diego Luna ngati Félix Gallardo, mkulu wa ogulitsa mankhwala ku Mexico, ndi nkhani ya Kiki Camarena, wapolisi wa DEA wophedwa mu 1985, atachoka Luna inazizira. Griselda ya 2024, yokamba za mayi wogulitsa mankhwala Griselda Blanco, ili ndi zigawo 6 zokha, imatha Loweruka limodzi.

Wa bandulo yochepa aonere Narcos masizoni awiri n'kusiyira pomwepo. Amene ali ndi Wi-Fi asataye nthawi, apite kwa Parra.