Bokosi la zopetera makhadi, patatha chaka: chofunika ndi chobowolera

Chaka chatha, bokosi la zipangizo zopetera pa pepala litangondipeza kuchokera ku Johannesburg, ndinalemba kuti ndakondwa nalo, ndipo ndinayamikira kwambiri ulusi wonyezimira ndi mapatani osindikiza kale. Ena mwa inu munati ndidzabwerenso zinthuzi zikadzaona dzinja. Zaliona, zaonanso kuzizira kwa Juni ndi kutentha kwa Okutobala. Lero mukandifunsa, m'bokosi monse muja chinthu chimene ndingalire chitatayika ndi chimodzi chokha, chobowolera.

Kwa amene simunaone zoyambazo, m'bokosimo munali chobowolera chooneka ngati cholembera koma kunsonga kuli singano, kasiponji koyalapo pepala pobowola, masingano opetera, timipukutu ta ulusi wagolide ndi wasiliva, mapatani, makhadi opinda patatu ndi maenvulopu ake. Mumaika patani pamwamba pa khadi, n'kubowola timabowo potsata timadontho, kenako n'kuchotsa pataniyo n'kuyamba kuyendetsa ulusi kuchoka bowo ili kulowa bowo ilo. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Pa nsalu, singano ikalowa polakwika mumangoizula, nsaluyo n'kudzitseka yokha. Pepala silitero. Bowo likabowoka labowoka, moti khadi limakhala litakongola kale kapena litanyansa kale ulusi usanalowe n'komwe. Apa ndi pamene chobowolera chimadyera ndalama yake. Chogwirira chake n'chonenepa bwino m'dzanja, ndiye singano imatsika chilili. Ikatsika mopendama, bowo limatuluka lotalikira mbali imodzi, ndipo ulusi ukangokoka limang'ambikira komweko. Ndinayerekeza ndi phini wa atelala, ndinayerekezanso ndi nsonga ya kampasi ya ana asukulu. Phini amakupwetekani chala musanafike pakati pa patani, pamene kampasi imasiya chibowo choti ulusi umangosambiramo. Mayi ena a kutchalitchi kwathu anadzipangira chawo pozika singano m'kamtengo n'kukulunga ndi ulusi, ndipo chikuwathandiza ndithu, kungoti singanoyo imagwedera pakapita nthawi n'kufuna kumangidwanso.

Nsonga ya changa sinabunthe mpaka pano. Chimene chinaigwira ndi dzimbiri, mu Febuluwale mvula ili pakati. Ndinazindikira poona kamzere kofiirira m'mphepete mwa timabowo pa khadi loyera. Kawaya kotsukira mapoto kanachotsa dzimbirilo, ndipo tsopano chobowolera ndi masingano onse zimagona m'botolo lotseka bwino, limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Kasiponji ndiye kanatha msanga. Pakati pake panachita dzenje, ndipo pansi pakafewa pepala limatsika limodzi ndi singano, bowo n'kutuluka ndi mlomo wotukuka kuseri. M'malo mwake ndinadula chidutswa cha patapata watsopano wopanda mizere, ndipo chikuposa choyambacho.

Makhadi a m'bokosi anatha isanakwane miyezi itatu, ndiye ndinayamba kuzungulira m'mashopu ogulitsa zolembera ku Limbe ndi m'tauni. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuwerenga nambala imene imalembedwa pa paketi ya mapepala, ya gsm ija, imene imanena kulemera kwa pepala. La fotokope ndi la 80, ndipo musataye nalo nthawi, limang'ambika ulusi ukangodutsa kachiwiri pabowo limodzi. La 160 limapirira ngati patani ili ndi mabowo otalikirana ndipo dzanja lanu ndi lofatsa. Ine ndakhazikika pakati pa 220 ndi 250. La 300 limaoneka lapamwamba, koma kulibowola n'kulimbana nalo, ndipo popinda limasweka msana n'kuonetsa zoyera zam'kati. Manila wa kusukulu ndi wosadalirika: wina amagwira, wina ndi wofewa ngakhale akuoneka wokhuthala. Poyesa, bowolani mabowo awiri otalikirana mamilimita atatu pakona, lowetsani ulusi n'kukoka. Pakati pakang'ambika, musiyeni mwini shopu ndi manila wake.

Pali nkhani ya envulopu imene sindinaiganizire poyamba. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mukalidula pakati n'kupinda chidutswa chilichonse, mumapeza makhadi awiri a 105 ndi 148, amene amalowa bwino mu envulopu ya C6. Koma envulopu imene ndimaipeza mosavuta kuno ndi yaitali ija ya makalata a kuofesi, ya 110 ndi 220. M'malo molimbana nazo ndinangosintha khadi. A4 mukaipinda patatu imatuluka 99 ndi 210, ndipo imalowa mu envulopu yaitaliyo osakakamiza. Ubwino wake ndi wapawiri, chifukwa mumapeta gawo lapakati, gawo limodzi la m'mbali n'kulipindira kuseri kuti libise ulusi wonse wosokonekera uja, lotsalalo n'kukhala polemba uthenga. Musanapinde, lembani mzere ndi bolopeni yotha inki motsata rula, pepala lipindikira pomwepo mosasweka.

Nyengo nayo ili ndi mawu pa pepala. M'dzinja limayamwa chinyezi n'kufewa, ndipo mabowo amene mu Okutobala akanapirira amang'ambika mosavuta. Anga amakhala m'jumbo yomanga pakamwa, ndipo ndimangotulutsa loti ndigwiritse ntchito tsiku limenelo.

Ulusi wonyezimira umene ndinauchemerera uja wandigwiritsa mwala. Unapangidwa ndi kaulusi kam'kati kokulungidwa ndi kachinthu konyezimira kunja, ndipo mlomo wa bowo la pepala ndi wokhakhala kuposa nsalu. Ukadutsa kangapo, chakunjacho chimasendeka n'kuunjikana pa diso la singano. Umatheka mukamadula waufupi, wosapitirira masentimita 30, koma ndiye muzingokhalira kulowetsa ulusi m'singano. Panopa ndimangouika pang'ono, pa nyenyezi imodzi kapena pakati pa duwa.

Umene wagwira ntchito chaka chonse ndi ulusi wathonje wopetera, wa nkhosi 6 zimene mumazilekanitsa. Kampukutu ka DMC, kampani ya ku Mulhouse m'dziko la France, kamakhala ndi mamita 8, ndipo pa pepala nkhosi ziwiri zimakwanira, kutanthauza kuti kampukutu kamodzi kamakupatsani mamita 24. Mitundu yake ili ndi manambala osasintha, wakuda ndi 310, wofiira umene ndimaukonda ndi 321, choncho mukatuma munthu simuyamba kufotokoza kuti wofiira wake ngati wa chiyani. Palinso timipukutu topanda dzina totchipa, tooneka chimodzimodzi tikakhala pashelefu. Kusiyana kumaoneka pakapita miyezi. Azakhali anga ku Zomba anaimika makhadi awiri pakabati pabalaza, pamene dzuwa la masana limafika, limodzi la ulusi wadzina, linalo la wopanda dzina. Nditapitako pa Isitala anandigwira dzanja n'kundikokera pakabatipo. "Taona mwanawe, duwa lako ili lakalamba kale, mnzakeyu akadali mnyamata." Lofiira lotchipa lija linali litasuluka n'kusanduka lapinki wotuwa, kuseri kokha ndi kumene kunatsala mtundu wake weniweni. Ngati khadi ndi loti munthu awerenge n'kuika m'Baibulo, wotchipayo alibe vuto. Loti likaime pabalaza, lipirani ndalama.

Ulusi wa makina osokera, wa poliyesitala umene atelala ali nawo mitundumitundu, ndi wabwino pa mapatani a mizere yambiri yopingasana chifukwa ndi wopyapyala. Koma ndi wolimba kuposa pepala, mukaukoka mwamphamvu umalicheka. Ulusi uliwonse, kokani mougoneka motsata khadi, osati kuukwezera m'mwamba.

Za mapatani a m'bokosi sindinena zambiri. Theka lake linali la Khirisimasi ya kwa azungu, anthu a chipale chofewa ndi mitengo ya paini, zinthu zoti agogo akumudzi angafunse kuti chidole chavala chipewachi n'cha chiyani. Komanso patani yapepala imatha: mukaibowola kangapo timadontho timakula, singano n'kumaterereka. Ichiteni fotokope isanaone singano, yeniyeniyo muisunge.

Kutha kwa mapataniwo kunandikankhira kumene ndikusangalala nako tsopano, kujambula anga. Yosavuta kwambiri imangofuna kampasi ndi pulotilakita ya m'bokosi la masamu la mwana. Jambulani bwalo lotalika masentimita 3 kuchoka pakati kufika m'mphepete, n'kuika kadontho pa madigiri 10 alionse. Mupeza mabowo 36, otalikirana mamilimita 5 ndi pang'ono, mpata wabwino woti pepala silingang'ambike. Tsopano lumikizani bowo lililonse ndi bowo la nambala 13 kutsogolo kwake, mpaka muzungulire. Mizere yonse ndi yowongoka, koma ikamapingasana pakati pamatuluka bwalo lina losalala ngati mwalijambula ndi kampasi. Mukamadumpha mabowo ambiri bwalo lam'katilo limachepa, mukamadumpha ochepa limakula, ndiye mutha kusanjikiza mitundu iwiri kapena itatu pa mabowo omwewo. Kuseri musadutse pakati, ingotulukirani pabowo loyandikana nalo. Mukatero bwalo limodzi limadya ulusi wopitirira pang'ono mamita 2, ndipo kampukutu kamodzi kamapeta mabwalo pafupifupi khumi. Nzeru imeneyi si ya lero. Mayi wina wa ku England, Mary Everest Boole, amene anamwalira mu 1916, ankagwiritsa ntchito makhadi osokedwa chonchi pophunzitsa ana masamu. Amuna awo anali George Boole, katswiri wa masamu amene ophunzira za kompyuta amamudziwa, ndipo phiri la Everest linatchedwa dzina la mchimwene wa bambo ake a Mary. Mwana wa mchemwali wanga wa Sitandade 7, amene akamva za madigiri amayasamula, anakhala nane masana onse akuwerenga mabowo osadziwa kuti akuchita masamu.

Kuchoka pa mabwalo ndinayamba kutengera mapangidwe a pa zitenje, kenako chambo, kenako mzere wa phiri la Mulanje mmene limaonekera mukamachokera ku Thyolo. Phirilo ndi ulusi umodzi wobiriwira wosokedwa mobwerera m'mbuyo, palibe chovuta, koma ndilo khadi limene abale okhala kunja amaliitanitsa kawirikawiri.

Kuseri kwa khadi ndi kumene chaka chaulula zambiri. Pa pepala sitimanga mfundo, chifukwa imatukula khadi kapena kutulukira kumaso. Nsonga ya ulusi timaimata. Selotepi wamba amagwira bwino poyamba, koma pa makhadi a chaka chatha wasanduka wachikasu, ndipo pa limodzi mafuta ake alowerera mpaka kuonekera kumaso. Guluu wopaka ngati lipisitiki uja anamatuka m'nyengo yotentha, gawo lobisa ulusi n'kuyasama. Phala la ufa wa chinangwa limamata zolimba, koma mphemvu zimalikonda, ndipo zikabwera sizisiya pepala. Guluu woyera wa akalipentala amagwira mpaka kalekale mukapaka pang'ono kwambiri m'mphepete mokha. Mukachulutsa, khadi limakwinyika. Chimene sichinandikhumudwitse ndi tepi womata mbali zonse ziwiri pomata gawo lakuseri, ndi tizidutswa ta tepi wapepala pogwira nsonga za ulusi. Musanamate, gonekani khadi chafufumimba pa nsalu yoyera n'kusisita mabowo ndi msana wa supuni. Milomo yotukuka ija imabwerera m'malo n'kukumbatira ulusi, ndipo kumaso mabowo amachepa moti ena saoneka n'komwe.

Ambiri mwandifunsa ngati muli ndalama m'menemu. Ndinene mosabisa: zochepa. Khadi losavuta limadya ola limodzi, lokongola limadya madzulo onse, ndipo wogula amaliyerekeza ndi losindikiza la m'shopu kapena uthenga waulere wa pa WhatsApp. Nthawi imene anga anayenda ndi ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi Khirisimasi pang'ono. Pa Anakubala anthu amafuna choti mayi agwire m'manja pamodzi ndi chitenje, ndipo sanyinyirika mtengo. Bambo ena anandipempha makhadi oitanira anthu ku ukwati wa mwana wawo, mazana awiri. Ndinawauza kuti, "Bambo, ndikayamba lero ndidzamaliza mdzukulu wanu akukwawa." Tinagwirizana kuti ndipete limodzi lokha la akwati, enawo akasindikize.

Maso nawo muwaganizire. Kubowola kumafuna kuwala kwa masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, chifukwa kuphonya kadontho ndi milimita imodzi kumaonekera. Kupeta kokha kumatheka ndi nyali ya sola magetsi akazima, pakuti mukakweza khadi kuloza nyaliyo mabowo amawala okha n'kukuonetsani polowa. Ine ndimabowola makhadi angapo Loweruka masana n'kumapeta madzulo m'kati mwa sabata. Singano yabwino ndi yopyapyala, nambala 9 kapena 10. Pa masingano opetera nambala ikamakwera singano imachepa, ndipo yonenepa imakulitsa bowo nthawi iliyonse ikadutsa.

Kodi bokosi lonse ndi loyenera kugula? Ngati wina akukupatsani ngati mphatso, landirani ndi manja awiri, muphunzirirapo. Ngati ndalama ikuchoka m'thumba mwanu, gulani chobowolera chokha, zotsalazo zili m'mashopu a zolembera ndi kwa atelala. Msuweni wanga amene anandibweretsera bokosili akubweranso mu Disembala, ndipo ndamutuma chobowolera china cha nsonga yopyapyala kuposa ichi, cha ulusi wa makina, ndi paketi ya mapepala a 250 amtundu wa kirimu, amene kuno ndimawapeza mwa apo ndi apo. Anafunsa ngati awonjezere ulusi wagolide, ndinamuuza kuti malo amenewo aikepo tepi womata mbali ziwiri.