Miyezi 14 tikusanjitsa mabuku athu ku Chennai: zimene ndaona

Papita miyezi 14 chiyambireni kampani yathu yaing'ono yosindikiza mabuku kutumiza ntchito yosanja masamba ku kampani ina ya ku Chennai m'dziko la India. Buku loyamba litabwera ndinasangalala kwambiri, moti ndinauza anzanga a ntchito yomweyi kuti vuto la kuchedwa kwa mabuku latha. Lero, mabuku asanu ndi awiri atadutsa m'manja mwa anthuwo, zambiri zimene ndinanena ndikadazivomerezabe, koma pali mbali imodzi imene ndinafulumira kuiyamikira.

Njirayi si yachilendo. Ku Chennai, Pune ndi Noida kuli makampani ochuluka amene kwa zaka zambiri akhala akusanja mabuku ndi magazini a zamaphunziro a osindikiza akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America. Chimene chinandikopa ine ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Mawu onse a buku amayamba aikidwa mu fayilo ya XML, mmene mutu uliwonse, ndime iliyonse ndi mawu a m'munsi mwa tsamba zimapatsidwa chizindikiro chakechake, ndipo kuchokera mu fayilo imodziyo amatulutsa PDF yopita ku makina osindikizira komanso EPUB yowerengera pa foni kapena pa kompyuta.

Pa mabuku a Chingerezi sindikudandaula. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka, choncho zolakwika zimene tatumiza madzulo poweruka timapeza zitakonzedwa mmawa tisanamwe n'tiyi yemwe. Buku lina la zaulimi linali ndi matebulo ambiri ovuta, koma linabwera laudongo kuposa mmene tikanalisanjira tokha. Mafayilo awo amalandiridwanso bwino ndi makina osindikiza buku pokhapokha munthu akaliitanitsa, njira imene bungwe la African Books Collective la ku Oxford limagulitsira mabuku a osindikiza a mu Africa kunja. Kwa ife amene tinatayapo makatoni a mabuku osagulidwa chifukwa cha chiswe ndi chinyontho cha dzinja, kusinthaku n'kwakukulu.

Vuto linaonekera pa buku loyamba la Chichewa. Masamba oyeserera atafika ndinawaona okongola, koma nditakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere mtima unandiwawa. Pulogalamu yawo inkadula mawu kumapeto kwa mzere motsatira malamulo a Chingerezi, kotero kuti mawu akuti mphunzitsi anadulidwa pakati pa p ndi h, pamene mwana aliyense wa sitandade 2 amadziwa kuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: mphu-nzi-tsi. Nkhodolero ya mu ng'ombe ndi m'mudzi malo ena inatembenuzika n'kuoneka ngati chiyambi cha mitengero, malo ena inasoweratu. Lembo la ŵ, limene mlembi wathu wachikulire analisunga mwadala m'mawu ngati Malaŵi, linasanduka kabokosi kopanda kanthu mu EPUB chifukwa mtundu wa zilembo umene anasankha unalibe lemboli.

Anthuwo sanachite mphwayi, ndipo chilichonse chimene ndinawauza anachikonza mwaulemu ndi mwamsanga. Koma munthu wosadziwa chinenero amakonza pokhapo pamene mwamulozera, ndipo akasuntha ndime imodzi mizere yonse yotsatira imasuntha n'kubala zolakwika zatsopano zimene iye sangazione. Bukulo linapita n'kubwera kasanu. Nthawi imene ndinkaganiza kuti tapulumutsa inathera pa tebulo langa, ndipo zinatengera kuwapempha kuti azimitsiretu kadulidwe ka mawu m'buku lonse kuti mtima ukhale pansi, ngakhale kuti zimenezi zinasiya mipata yaikulu m'mizere ina poti mawu athu ndi aatali.

Za ndalama ndinene mwachidule. Malipiro ndi a madola, ndipo chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo umene kunja amauona wotsika kuno umaluma, osanenanso za masabata odikira ndalama zakunja ku banki. Ndinaphunziranso mochedwa kuti mgwirizano wathu unkatipatsa PDF ndi EPUB zokha, ndipo titafuna mafayilo a XML ndi a InDesign, pulogalamu yosanjira masamba, kuti tikonze tokha buku posindikiza kachiwiri, tinauzidwa kuti tilipire mwapadera. Aliyense wofuna kulowa m'njirayi aonetsetse kuti mfundo imeneyi yalembedwa asanasaine.

Chimene chakhala chikundivutitsa maganizo kwambiri ndi cha bambo wina amene ankatisanjira mabuku kale. Anaphunzira ntchitoyi ali mnyamata ku nyumba yosindikizira ya mishoni, ndipo kompyuta itafika anaiphunziranso. Titayamba kutumiza ntchito kunja tinangoleka kuwaimbira foni, ndipo ndikuvomereza kuti pamenepa ndinalakwa. Buku lachiwiri la Chichewa litafika ndinawatengera masambawo kunyumba kwawo. Anaika rula pansi pa mzere woyamba, cholembera chofiira chili m'dzanja, n'kumatsika pang'onopang'ono milomo ikugwedera, ndipo asanamalize tsamba lachitatu anapeza pamene mwambi unadulidwa pakati n'kugawidwa m'ndime ziwiri, chinthu chimene ine ndinachidumpha kawiri konse. Luso loterolo dziko lathu silikuphunzitsanso achinyamata ambiri, ndipo tikapitiriza kutumiza chilichonse kunja lidzapita pamodzi ndi eni ake.

Choncho mgwirizano wa ku Chennai tauwonjezera chaka china, koma pa mabuku a Chingerezi okha ndi pa ntchito yopanga EPUB. Mabuku a Chichewa azisanjidwa konkuno, ndipo bambo aja avomera kumabwera Lachiwiri ndi Lachinayi, kudzakhala pa kompyuta imodzi ndi mtsikana amene tamulemba kumene ntchito. Ayambira pa buku la ndakatulo limene tikufuna lituluke mvula isanagwe.