Nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za mayi wotiperekeza

Kampani yoyendetsa alendo yomwe tidalipira paulendo wathu wa ku Helsinki, likulu la Finland, ikadalandira nyenyezi imodzi kwa ine. Adatilembera kuti tikumane pa bwalo la Senaatintori 10 koloko m'mawa, m'munsi mwa masitepe a tchalitchi choyera chija cha pakati pa Helsinki. Ine ndi amayi anga, omwe adabwera kudzandichezera ku Manchester, tidafika nthawi isanakwane. Januwale wakumeneko sasewera naye, mphepo yochokera kunyanja imalowa mpaka m'mafupa. Tidaima pamtetete ola latsala pang'ono kukwana, popanda ngakhale uthenga. Nditaimba ku ofesi, mtsikana wake adandiyankha ngati ndikupempha ngongole, ati imelo idanena kale kuti nthawi itha kusintha. Pepani ayi. Koma mayuro athu aja adawalandira mosachedwa.

Amayi adali atayamba kale kunena kuti, "Mwanawe, tiye tizikagona kuhotela," pamene wotiperekezayo adatulukira, mayi wachikulire wa chipewa chaubweya. Ndidamukonzera mawu. Iye asanapereke n'komwe moni adayang'ana nsapato za amayi, n'kupukusa mutu. Adatulutsa m'chikwama timalamba ta labala tokhala ndi timisomali kunsi, n'kugwada pachipale pomwepo kuwamangirira yekha, phazi limodzi kenako linalo. Munthu wamkulu, kugwadira mlendo pamalo ozizira chonchija! Mkwiyo wanga udathera pakhosi. Kuyambira apo amayi, amene amayenda atandikakamira pamkono, adayamba kutsogola gulu lonse. Adatiuzanso kuti ofesi idamupatsa nthawi yolakwika, ndipo ndidamukhulupirira.

Ataona kuti anthu tauma, adasintha dongosolo n'kutilowetsa kaye mu Vanha Kauppahalli, msika wakale wa 1889 wa padoko. Supu ya nsomba ya salimoni yothira mbatatesi, ndi buledi wakuda, ndiyo idatibwezera moyo. Tchalitchi cha Temppeliaukio, chomwe adachisema m'thanthwe n'kuchitsegula mu 1969, n'chokongoladi ndi denga lake la mkuwa, kungoti tidangodutsamo mothamanga.

Ku Suomenlinna, linga la pachilumba, ndiye kudandiwawa. Boti limatenga mphindi 15 kuchokera pa Kauppatori, bwalo la msika la padoko, likukankha zibenthu za madzi oundana, phokoso lake kumveka pansi pa mapazi. Linga limeneli Aswidi adayamba kulimanga mu 1748 ndipo ndi lalikulu, lofunika masana onse. Ife chifukwa cha ola lidatayika lija tidafika dzuwa likupendeka, ndipo 4 koloko isanakwane kudali mdima. Mizinga ya kumapeto kwa chilumba sitidaione.

Chinanso, adatilipitsa padera ndalama ya boti, chonsecho tikiti wamba ya tsiku yomwe tidali nayo yokwerera thiramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, imagwiranso pabotilo. Ndidawalembera kuti andibwezere yokhayo. Mpaka lero zii.