Galimoto za ku okishoni kuno ku Joni: zomwe zithunzi sizikuonetsani

Abale anga a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi inu a kumudzi ku Jali, landirani moni kuchokera kuno ku Germiston. Ine ndili bwino, ntchito yanga yowongola ndi kupenta galimoto ikuyenda. Chandilembetsa ndi mauthenga omwe akuchuluka pa WhatsApp masiku ano: "Achimwene, tamva kuti kumeneko kuli okishoni ya galimoto zotchipa, tandisakirani ka Polo kapena NP200." Ndaona kuti ndibwino ndifotokoze kamodzi, aliyense amve, chifukwa ndalama zomwe mumatchulazo ndikudziwa mmene mwazipezera. Ena mwagulitsa mpunga wa ku Chilwa, ena ndi penshoni ya zaka zonse za uphunzitsi.

Zotchipa zilipodi, sindikukana. Koma galimoto siifika pa okishoni popanda chifukwa. Zina ndi zomwe mabanki alanda kwa anthu olephera kubweza ngongole, ndipo munthu amene akulephera kulipira banki sakhala ndi ndalama ya sevisi, oyilo amatha chaka osasinthidwa. Zina ndi za makampani ndi boma zomwe zakalamba pa ntchito, ndipo mwa zonse izi ndiye zabwinoko. Gulu lalikulu lomwe limakukopani ndi mitengo yake ndi la makampani a inshuwalansi: galimoto zomwe zinachita ngozi, zinabedwa n'kupezeka, kapena zinamira m'madzi.

Lamulo la pa okishoni ndi limodzi, amati voetstoots: wagula mmene iliri, ukatuluka nayo pa geti palibe kubwerera kukadandaula. Amapereka tsiku loonera, nthawi zambiri dzulo lake la okishoni. Ungathe kutsegula boneti, mwina kuliza injini ngati kiyi alipo ndipo batire ili ndi moto, koma kuyendetsa salola. Giyabokosi yomwe imadumpha magiya ikatentha sungaidziwe galimoto itaima pamzere. Usanayambe kupikisana umayamba wasiya dipoziti, ndipo nyundo ikagogoda pa dzina lako amakupatsa masiku ochepa kwambiri kuti umalize kulipira, apo ayi dipoziti yapita. Mtengo wa pa nyundo si womaliza. Pamwamba pake pamabwera komishoni ya ochititsa okishoni, ndalama ya mapepala, ndipo kawirikawiri VAT ya 15 peresenti. M'chipindamo mumakhalanso madila omwe ntchito yawo ndi yomweyo sabata ndi sabata. Galimoto yabwino saisiya. Akaisiya kuti igwere iwe mlendo, pali chomwe aona.

Kuno galimoto zimalembetsedwa ndi makodi. Code 2 ndi galimoto yogwiritsidwapo ntchito wamba, Code 3 ndi yomwe inaphwanyika kwambiri n'kumangidwanso, Code 4 ndi yoyenera kuphwasulidwa basi. Vuto n'lakuti galimoto zambiri zomwe a inshuwalansi anaona kuti kukonza kwake kuposa mtengo wake zimagulitsidwa zikadali pa Code 2. Munthu amaigula ili chiphwanyikire, n'kuikonza motchipa, n'kuibwezera pa msika, pepala lili loyera.

Izi sindikuchita kumva, zimadutsa m'manja mwanga. Mu galaja ina yomwe ndinagwirako ganyu ndisanapeze pano, anabweretsa Polo yoyera yogundidwa kutsogolo. Chitsulo cha chesisi cha kumanzere chinali chitapindika. Ntchito yoyenera inali kuchotsa n'kuika china, koma mwini wake anati tingochitenthetsa ndi gasi, tichikoke ndi tcheni, tiwotcherere pomwe chinang'ambika. Pamwamba anamata body filler, phala lotsekera mabala a galimoto, yokhuthala mpaka maginito osagwira pa fenda. Ma airbag onse awiri anali ataphulika. Sanagule ena. Anamata chivundikiro cha pa chiwongolero, wamagetsi n'kuika kachipangizo konamiza kompyuta kuti nyali ya pa dashibodi izime. Itapentedwa n'kupolishidwa inkawala moti pa chithunzi mukanati yangotuluka kumene ku fakitale. Ndikaganiza kuti galimoto ngati imeneyo ikhoza kunyamula ana anu kutsika phiri la Ku Chawe, kapena kudzaza anthu pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde, mtima umandiwawa. Chitsulo chomwe chatenthedwa n'kuwongoledwa sichikhalanso ndi mphamvu yake yoyamba, ndipo tsiku la ngozi chimangopindika, airbag palibe.

Zoopsa kwambiri kwa ine ndi zomira m'madzi, chifukwa thupi lake limakhala lopanda bala. Mu April 2022 madzi anasefukira ku Durban, anthu oposa 400 anamwalira, ngakhale fakitale ya Toyota ku Prospecton inatsekedwa kwa miyezi. Inu amene munaona namondwe wa Freddy mu 2023 mukudziwa kuti matope amalowa paliponse. Galimoto zambiri za anthu zinamira ku Durban nthawi imeneyo, ndipo zotere sizitayidwa zonse, zimatsukidwa n'kugulitsidwa. Injini imalira bwinobwino, galimoto imayenda mwezi, miyezi itatu. Kenaka mawindo ayamba kukana, nyali za pa dashibodi zingoyaka zokha, tsiku lina yazima pa Thondwe osalizanso. Madzi amadya mawaya ndi kompyuta bokosi pang'onopang'ono, ndipo makaniko wa ku Mpondabwino adzasintha ichi, mawa icho, ndalama ikupita.

Ndikapita kukaonera munthu galimoto, sindiyambira pa penti. Ndimakoka lamba wa pampando mpaka kumapeto, chifukwa otsuka amaiwala kumeneko ndipo mzere wa matope umatsala. Ndimachotsa tayala la sipeya kuona ngati pansi pake pali mchenga kapena dzimbiri. Ndimasuzumira njanji za mipando ndi tochi, n'kusolola pulagi imodzi ya mawaya pansi pa mpando: ikakhala yobiriwira mkati, madzi anafikamo. Galimoto yothiridwa perefyumu wambiri ndimaikayikira. Ndikatembenuza kiyi, nyali ya airbag iyenera kuyaka kaye kenaka n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaiseweretsa. Zonsezi sizioneka pa zithunzi zisanu zomwe mumanditumizira.

Ndiye pali mapepala. Galimoto yochoka kuno kupita kumudzi imafuna chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa, ndipo apolisi amayang'ana nambala ya injini ndi ya chesisi pa galimoto penipeni. Ngati injini inasinthidwa koma osalembetsa, kapena nambala inakhudzidwa powotcherera, nkhani imaima pomwepo, galimoto uli nayo koma sungatuluke nayo. Mabanki ena amachedwanso kutulutsa mapepala a umwini, uku iwe ukulipira malo oimikapo. Zikatheka, ulendo ndi wa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zóbuè mpaka pa Mwanza, ndipo chipata chilichonse chili ndi zolipira zake. Pa Mwanza a MRA akudikira msonkho wawo, womwe umakwera galimoto ikakhala yakale kapena ya injini yaikulu, ndipo sawerengera kuti iwe unaipeza motchipa. Mukumbukire November 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi: amene galimoto zawo zinali m'njira anapeza kuti ndalama yomwe anasunga ya msonkho siikukwananso.

Chenjeraninso ndi masamba a pa Facebook odzitcha okishoni ya banki, omwe amati tumizani dipoziti tikusungireni galimoto musanaione. Okishoni yeniyeni sisungira munthu galimoto.

Malume anga a ku Songani anandifunsa kuti ndiye tisiyiretu? Ndinawauza kuti ngati ndalamayo ndi yokhayo yomwe ali nayo, agule galimoto yomwe ili kale kumudzi, yokhala ndi bulu buku, yomwe angaiyendetse kukwera nayo Ku Chawe makaniko wawo ali pambali, n'kukasintha umwini ku Road Traffic mwini wake alipo. Okishoni ndi ya munthu amene ali ndi ndalama ina yapadera yokonzetsera, ndipo galimoto ikakhala yoipa sagona ndi njala. Amene mukufunabe, nditumizireni nambala ya chesisi ndi ndalama yonse yomwe muli nayo kuphatikiza ya msonkho, osati ya pa nyundo yokha. Tsiku loonera limakhala mkati mwa sabata ndipo ndimayenera kupempha kwa abwana, choncho muzindiuziratu nthawi ikadalipo.