Vidiyo sho ya pa Lizulu yomwe Lamlungu imaonetsa za nyama

Ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu, ndipo nyumba zoonetsera kanema sindinkazikonda. Ndinkati ndi komwe ana amakatayira ndalama ya sopo poonera anthu akumenyana. Koma mwana wanga wachiwiri, wa Fomu 2, anandichonderera milungu itatu: "Amayi, Lamlungu masana amaika za nyama, tiyeni mukadzionere nokha." Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi ndinamutsatira.

Nyumbayo ili kuseri kwa msika, ya malata, mabenchi ake ndi amatabwa opanda poyedzamira. Polowa ndinalipira K500, mwana K300.

Tsikulo inali nkhani ya anakonda, njoka yaikulu ya ku South America, ya m'madambo a mitsinje ya Amazon ndi Orinoco. Kanemayo ankaonetsa anthu omwe amaweta njokazi kumalo osungirako nyama kuti ziswane. Chomwe chandilembetsa ndi mnyamata wofotokozayo. Amatsitsa mawu a Chingerezi, n'kugwira maikolofoni, n'kumalongosola m'Chichewa, ndipo pakafika povuta amaimitsa chithunzi kuti anthu afunse. Sakokomeza ndi nthabwala ngati omasulira mafilimu ena aja.

Anaimitsa pomwe yaimuna inali itakulunga mchira wa yaikazi, n'kuloza ndi kamtengo tizikhadabo tiwiri pafupi ndi mchira wake. Anati yaimuna imakanda nato yaikazi poikopa. Yaimunayo inkaoneka ngati chingwe pambali pa mtondo, chifukwa yaikazi ndiyo yaikulu kutalitali. Kutchire, anatero, zazimuna zimatha kupitirira 10 kuzungulira yaikazi imodzi, kupotana m'matope ngati nkhata kwa milungu ingapo, ndipo nthawi zina yaikaziyo imameza imodzi mwa izo. Ndiye chifukwa chake oweta amaziyang'anitsitsa akaziphatikiza, n'kuchotsa yaimuna ntchito ikatha.

Apa ndi pomwe ndinakweza mkono. Kwathu nsato timaidziwa. Ndili mtsikana tinaipezapo m'dzenje la pachulu itadzikulunga pa mazira ake, kuwafungatira ngati thadzi. Ndiye ndinafunsa: "Achimwene, nanga mazira ake imaikira m'madzi momwemo?" Iye anati, "Ayi amayi, iyi siiikira. Dikirani muone." Anapititsa kanema patsogolo, ndipo tinaona tiana tikutuluka tamoyo, kalikonse m'kathumba kopyapyala koonekera mkati, kenako n'kukaboola ndi mutu n'kuyamba kusambira nthawi yomweyo. M'nyumba monse munangoti zii. Agogo ena kumbuyo kwanga anagwira pakamwa.

Bere lake limatenga miyezi 6 kapena 7, ndipo nthawi yonseyi mayiyo sadya kwenikweni, amaswa ataonda kwambiri. Ana amakhala 20 mpaka 40, aliyense wopitirira theka la mita. Mayi sawasamala, choncho oweta amawatola n'kuika aliyense m'kabokosi kake kamadzi. Ine amene ndinabereka anayi, za miyezi yosadyayi zinandikhudza.

Wina anafunsa ngati ingawetedwe kuno. Mnyamatayo anayankha bwino: njoka ilibe kutentha kwakekwake, imadalira pomwe ili, ndipo oweta amaisungira madzi ofunda ndi chipinda chotentha usana ndi usiku. Chisanu cha pa Lizulu cha mwezi wa June, chomwe chimatiumitsa zala posankha mbatata, ingafe nacho.

Anawonjezanso nkhani yomwe sinali m'kanemamo, ya anakonda yotchedwa Anna ya ku New England Aquarium, malo osungirako zamoyo zam'madzi mumzinda wa Boston ku America, yomwe inaswa mu 2019 isanakumanepo ndi yaimuna. Atapima DNA anapeza kuti anawo anachokera kwa mayi yekha. Ambiri anakana. Mwana wanga anaifufuza pafoni tili m'njira, ndipo inalidi choncho.

Zolakwika zilipo. Magetsi atathima, jenereta inatenga nthawi yaitali kulira, tinakhala mumdima ana akuchita phokoso. Sipika imodzi imalira mokhadzula makutu. Ndiponso pomwe ankadyetsa njoka makoswe, tiana tating'ono tinali kutsogolo penipeni, kena kanalira mpaka kukatulutsa. Pamenepo akanachenjeza makolo kaye. Mnyamatayo anaphonyanso kamodzi, ponena kuti njokayi imafika mamita 15. Mwana wanga anati zazikazi zambiri zimakhala mamita 4 kapena 5, ndipo iye sanakwiye, anangoti, "Wandikonza mng'ono wanga, zikomo." Zimenezo zinandisangalatsa kuposa kanemayo.

Mukamapita tengani chitenje choyala pabenchi, ndipo mukhale kumanja, kutali ndi sipika ija. Amayamba cha m'ma 2 koloko. Lamlungu likudzali ati aika za ng'ona, ndipo ndauza kale mlamu wanga kuti andidikirire pabenchi la mbatata.