Intaneti ya dedicated, miyezi isanu ndili nayo: imawawa m'thumba koma ntchito ikuyenda

Ndili ndi kashopu ka printing ndi design ku Area 47, ndipo chaka chathunthu ndinavutika ndi intaneti ya shared, ija amalemba kuti "up to 20 Mbps" (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Mawu oti "up to" amenewa abale muziwawerenga bwino. Mmamawa imathamanga, koma ikangokwana 2 koloko anthu onse akalowa pa mzere omwewo ndiye basi, kasitomala ali pa benchi kudikira kuti fayilo ya banner yake itumizidwe, ine maso pa kamzere kosasuntha kaja mpaka manyazi kundigwira.

Ndiye ndinasamukira ku dedicated ya 10 Mbps ku kampani ina yamuno mu Lilongwe. Kusiyana kwake nkwakuti sugula ma GB ngati bandulo ya pafoni, ukulipira msewu wakowako, 10 potsitsa 10 pokweza, usana ndi usiku, osagawana ndi munthu. Fayilo ya 1 GB imapita mu maminitsi 14 kapena 15, ndayesa kambirimbiri ngakhale Lolemba masana. Pa Zoom mawu sadukaduka. Apa ndiye ndikuwayamikira ndi mtima wonse, ndipo anyamata omwe anabwera kudzakoka fibre anagwira ntchito yaukhondo, waya anaukhomerera bwino kukhoma, sanasiye nyansi.

Koma mtengo eee. Amawerengera pa Mbps iliyonse pamwezi, ugwiritse ntchito kapena ayi, Lamlungu shopu yotseka bilu ikuyendabe. Chondipweteka kwambiri nchakuti mtengo anaumangirira ku dola. Ndikumvetsa, dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, intaneti imachita kudzera ku Tanzania kapena Mozambique ndipo amalipira ndi ndalama zakunja, komatu ife makasitomala athu amatipatsa makwacha, ndipo tonse tikukumbuka mmene kwacha inagwera ndi 44% mu November 2023.

China, fibre itaduka masiku awiri pomwe amakonza msewu, bilu inabwera yathunthu. Ndinachita kuyimba kanayi, kenako kupita ku ofesi ndi contract m'manja kuwaonetsa pomwe analemba okha kuti intaneti ikasowa adzachotsera, mpamene anandichotsera mwezi wotsatira.

Ngati ntchito yanu ndi WhatsApp ndi Facebook basi, musavutike nayo, bandulo ikukwanirani. Koma ngati mumatumiza mafayilo akuluakulu tsiku ndi tsiku ngati ine, tengani, ndipo musanasaine afunseni akulembereni za SLA (mgwirizano wonena zomwe akulonjeza ndi zomwe adzachite intaneti ikasowa), komanso ngati mtengo uli m'makwacha kapena m'madola.